MAKINA AKULU A MASIKU ANO: CHIFUKWA NINJI AMAIMA POPANDA CHOTHYOKA?

Anthu a m'boma la Karonga sali alendo pa makina akulu. Anaona akatapila ndi magiledala pomanga msewu wa makilomita 101 wonka ku Chitipa, anawaonanso pokonza msewu wa ku Songwe. Ku Kayelekera, makilomita 52 kumadzulo kwa boma, kampani ya Paladin inayamba kukumba miyala ya uranium mu 2009, nileka mu 2014 mtengo utagwa. Kampani ya Lotus Resources, imene inagula mgodiwo mu 2020, inayambanso nchito mu 2025. Kulinso migodi ya malasha. Ndipo ngakhale alimi ambiri a mpunga ku Hara, ku Wovwe ndi ku Lufilya amalimabe ndi ng'ombe, thirakitala nayo imafika. Makina onsewa chakudya chao ndi dizilo.

Tsono pali dandaulo limene likumveka m'maiko ambiri, ndipo kwathu kuno lafika. Eni makina akuti: injini yakale inkafuka utsi ngati uvuni wa njerwa, koma inkayenda; ikadwala, makaniko wa pa msika ankaichiza ndi masipanala ache. Injini yatsopano siifuka utsi, koma tsiku lina kanyali kamayaka pamaso pa dalaivala, mphamvu nkutha, makina nkumakwawa ngati birimankhwe. Mukatsegula mupeza palibe chothyoka. Mwezi uno tifuna kulongosola chimene chimachitika m'kati mwa makina otere, pakuti gulu la alimi kapena munthu wamalonda akagula osadziwa, ndalama za zaka zambiri zingathe kugona pansi pa mtengo wa mango nkumachita dzimbiri.

UTSI NDIWO UNAYAMBA MLANDU

M'utsi wa dizilo muli zinthu ziwiri zoipa. Choyamba ndi mwaye, wonga umene umakhala kudenga kwa khitchini, koma wosalala kwambiri kotero kuti umalowa mpaka pansi pa mapapo. Chachiwiri ndi mpweya wosaoneka, umene akatswiri amaulemba NOx. Umenewu umapweteka m'chifuwa, makamaka kwa ana ndi anthu a mphumu. Mu June 2012 akatswiri a za khansa a bungwe la zaumoyo la dziko lonse, atakumana ku Lyon m'dziko la France, anagamula kuti utsi wa dizilo umayambitsa khansa ya m'mapapo. Tsono tisaganize kuti azungu anangofuna kubvutitsa anthu. Amene amapuma utsiwo koposa onse ndi dalaivala mwini wache ndi anzache ogwira nchito m'dzenje la mgodi.

Boma la America linayamba kuika malire a utsi wa makina akulu mu 1996. Malamulo olimba koposa, ochedwa Tier 4, analowa pang'onopang'ono kuyambira 2008 kufikira 2015, ndipo anachepetsa mwaye ndi NOx ndi magawo ngati 9 mwa magawo 10. Ku Ulaya ali ndi malamulo ao, ndipo omaliza, ochedwa Stage V, anayamba mu 2019.

Opanga injini anapeza bvuto ili. Dizilo akapsa ndi moto waukali, mwaye umachepa koma NOx imachuluka. Mukaziziritsa motowo, NOx imachepa koma mwaye umachuluka. Mai aliyense wophika pa mafuwa adziwa kuti moto wofooka ndiwo wautsi. Popeza zinthu ziwirizi sizitheka kuzithetsa pamodzi m'kati mwa injini, anaganiza zochapa utsiwo utatuluka kale. Choncho pa mpope wa utsi anamangirirapo zida zatsopano, naika kompyuta yoziyang'anira. Mabvuto ambiri amene tikunena sali a injini yeniyeni ai, koma a zida zimenezi.

SEFA YA MWAYE

Chida china chimabweza utsi pang'ono kuti ulowenso m'injini ukaziziritse moto. Amachitcha EGR, ndipo nthenda yache ndi kutsekeka ndi mwaye. Koma chida chimene dalaivala ayenera kuchidziwa bwino ndi sefa yaikulu yochedwa DPF. Ili m'chibotolo chachitsulo, ndipo m'kati mwache muli ngati chisa cha njuchi choumbidwa ndi dothi lootcha. Utsi umapyola, mwaye umatsala.

Sefa iliyonse imadzaza. Iyi imadziyeretsa yokha potentha mwayewo. Makina akamagwira nchito yolemetsa, monga kukankha dothi kapena kukoka pulawo m'dongo, utsi umatentha ndithu ndipo mwaye umapsa pang'onopang'ono popanda munthu kudziwa. Koma utsi ukakhala wozizira, kompyuta imathira dizilo wapadera kuti sefayo itenthe kufika madigiri ngati 600. Nthawi zina imapempha dalaivala kuti aimitse makina pamalo amodzi, injini ili kulira, kwa theka la ora kapena ora lathunthu.

Taonani tsono pamene chizolowezi chathu chimalimbana ndi makina. Madalaivala akale anaphunzitsidwa kusiya injini ikulira poyembekeza lole kapena pakudya nsima, chifukwa batire linali lokayikitsa. Kwa injini yatsopano kumeneko ndi kuidyetsa chiphe, pakuti injini yolira chabe imapanga mwaye wambiri koma osautentha. Chimodzimodzi thirakitala yaikulu yongokoka ngolo ya matumba asanu. Kenaka kanyali kakayaka kupempha kuti sefa iotchedwe, kapitao amati nthawi ikutha, dalaivala nkudina batani lokaniza. Lero akaniza, mawa akaniza, mkuja sefa yatsekeka kotheratu, ndipo batani silithandizanso. Pafunika munthu wa kompyuta. Ora limene kapitao anaumira labala sabata ziwiri.

Batani lokanizalo lili ndi nchito yache yoyenera. Pootcha sefa, mpweya wotuluka kumpope umatentha moti ungayatse udzu wouma kapena mapesi a mpunga. Kotero m'munda wokolola kumene, kapena pafupi ndi nyumba yaudzu, kanizani. Koma mukangotuluka, imani pa bwalo loyera ndi kulola makina atsirize. Musazimitse injini kuotchako kuli pakati, chifukwa dizilo wotsala amatsikira m'oyilo ndi kumusungunula.

Mwaye umapsa, koma phulusa silipsa. Phulusali limachokera m'oyilo, ndipo limaunjikana m'sefa mpaka patapita maora zikwi zingapo, pamene sefa iyenera kuchotsedwa kukapukutidwa ndi makina apadera kapena kusinthidwa. Ndicho chifukwa chache injini zotere zimafuna oyilo wa phulusa lochepa, wolembedwa CJ-4 kapena CK-4 pa chigubu. Oyilo wotsika mtengo wa m'mabotolo a pa msika angayendetse chigayo, koma sefa iyi aidzaza msanga.

DIZILO WATHU

M'dizilo mumakhala sulufule. Kuti timvane, tiyerekeze ndi matumba 20 a makilogalamu 50, ndiye kuti tani imodzi. Kale dizilo wogulitsidwa m'Malawi ankaloledwa kukhala ndi magalamu 500 a sulufule pa tani. Maiko a Tanzania ndi Kenya anatsitsa malire ao kufika magalamu 50 mu January 2015, ndipo Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe anatsatira mu 2017. Kumeneko kunali kupita patsogolo kwakukulu. Koma injini za Tier 4 zinapangidwira dizilo wa magalamu 15, ndipo za ku Ulaya wa magalamu 10. Sulufule akachuluka amaphimba zida zochapa utsi, amafulumiza kudzaza kwa sefa, ndiponso akasakanikirana ndi chinyezi amasanduka asidi wodya zitsulo. Opanga ena amalola magalamu 50 malinga oyilo asinthidwe kawirikawiri. Ena salola konse. Buku la makinawo ndilo limanena.

Komabe ife tiona kuti mdani wamkulu kumidzi si sulufule ai, koma chigubu. Pa nthawi zosowa mafuta, monga mu 2011 ndi 2012 ndiponso kuyambira 2022, anthu ambiri anazolowera kugula dizilo m'zigubu m'mbali mwa msewu. M'zigubu zotere mumapezeka madzi, mchenga, dzimbiri, ndipo ogulitsa ena osakhulupirika amathiramo palafini kuti achuluke. Injini yakale inkameza zimenezi nkungotsokomola. Yatsopano imapopa dizilo ndi mphamvu yoposa ya mpweya wa m'tayala la galimoto yaing'ono pafupifupi ka 1,000, kupyolera m'timabowo ta mainjekita topyapyala ngati tsitsi. Kamchenga kosaoneka ndi maso kamakulitsa timabowoto. Palafini alibe kuterera kumene pampu imadalira, choncho pampu imadzidya yokha, tizitsulo take nkufalikira m'mipope yonse. Injekita ikayamba kudontha, mwaye umachuluka, ndipo sefa ija imadzaza ngakhale dalaivala ali wosamala. Munthu amadzudzula sefa, pamene mlandu unayambira ku chigubu cha mwezi watha.

Njira zopewera nzakale ndithu, makolo a madalaivala athu ankazidziwa. Diramu ya dizilo igone tsiku lathunthu isanatungidwe, yopendekeka pang'ono, ndipo pansi pache musatunge. Musasunge dizilo m'ndowa kapena m'thanki ya malata oyera, chifukwa dizilo amasungunula zokutira zache ndipo zimakamata m'mainjekita. Dzazani thanki madzulo poweruka, kuti mame asachite m'kati usiku. Kuno kunyanja chinyezi nchambiri. M'mawa uliwonse tsegulani kampopi ka pansi pa sefa ya dizilo kuti madzi atuluke.

Chenjezo kwa amakaniko: musamasule mipope ya mainjekita injini ili kulira monga munkachitira pochotsa mpweya pa injini zakale, ndipo musafufuze podontha ndi chala. Dizilo wa mphamvu yotere amaboola khungu, ndipo munthu angataye dzanja.

MADZI A CHITSEKERO CHA BULUU

Makina ambiri a mphamvu yoposa mahachi 75 ali ndi thanki yachiwiri yaing'ono ya chitsekero cha buluu. M'menemo amathiramo madzi ochedwa AdBlue, ena amati DEF. Madziwa amawazidwa m'mpope wa utsi, ndipo kumeneko amasandutsa NOx kukhala mpweya wabwino ndi nthunzi. Pa malita 100 a dizilo pamapita malita ngati 3 kufikira 5 a madziwa.

Kodi m'madzimo muli chiyani? Muli urea magawo 32.5 pa 100, otsalawo ndi madzi oyeretsedwa kotheratu. Mlimi akamva dzina la urea adzati, si feteleza yemwe uja ndili naye m'nyumba? Dzina ndi limodzi, koma musayese. Feteleza wa m'thumba ali ndi zokutira ndi zinyalala zimene mbeu siziona kanthu, ndipo madzi a pa mjigo kapena a m'nyanja ali ndi mchere wache. Zimenezi zikalowa zimatseka kabowo kowazira ndi kuononga chida chimene mtengo wache ungagule ng'ombe zambiri. Ndiponso makina ambiri ali ndi kachida koyesa madziwo. Mukawasungunula, kompyuta idziwa.

Ku Ulaya amadandaula kuti madziwa amaundana kukazizira kufika madigiri 11 pansi pa ziro. Ku Karonga bvuto ndi lotembenuza. Pamalo osapitirira madigiri 30 madziwa amakhala chaka. Kutentha kukafika 35 amakhala miyezi 6 yokha. Aliyense adziwa m'mene dzuwa la October ndi November limaotchera kuno, ndipo m'shedi ya malata mumatentha koposa panja. Choncho sungani zigubu zache pa mthunzi pozizira, zotseka, ndipo musagule zambiri zoti zigone chaka. Pothira gwiritsani chotengera chapulasitiki cha madzi okhawa, pakuti amadya mkuwa ndi chitsulo wamba, ndipo dontho la dizilo kapena oyilo limawaipitsa. Pukutani fumbi pa chitsekero musanatsegule. Wina akalakwitsa nkuthira madziwa m'thanki ya dizilo, asalize injini ngakhale kamodzi. Thanki ikhuthulidwe kaye.

Kanthu kena kakang'ono. Mukazimitsa injini mudzamva kapampu kakulirabe mphindi pang'ono. Kakubweza madzi otsala m'mipope. Madalaivala ambiri amathamangira kudula batire poopa akuba. Dikirani kaleke kokha, chifukwa madzi otsalawo akauma amasanduka timiyala toyera totseka mpope.

Tsono apa ndi pamene pagona yankho la funso lathu. Opanga malamulo anadziwa kuti munthu sangagule madzi amenewa ngati makina angathe kuyenda popanda iwo. Choncho analamula kuti madziwo akatha, kapena akakhala oipa, kapena chida china chikasokonezedwa, kompyuta ichenjeze dalaivala, kenaka ichepetse mphamvu ya injini mwadala, potsiriza iisiye yongolira chabe. Makina sanathyoke, alangidwa. Choipa nchakuti kompyuta siona ndi maso, imangomvera tizida toyesa tomwe tili pa mpope wa utsi. Kachida kamodzi kakafa ndi kutentha, kapena khoswe akadya waya, kapena matope a m'dimba akalowa polumikizira, kompyuta imalanga injini yopanda mlandu. Dandaulo limeneli linakula ku America komwe, kotero kuti mu August 2025 bungwe la boma lao loona za chilengedwe, EPA, linapempha opanga makina kuti asinthe makompyuta, alimi ndi madalaivala azipatsidwa nthawi yokwanira yokonza mphamvu isanadulidwe. Ndiponso madziwa amatha kusowa ngakhale m'maiko olemera: kumapeto kwa 2021, China itachepetsa kugulitsa urea kunja, eni malole ku South Korea anaima pa mizere kufunafuna AdBlue.

SING'ANGA WACHE ALI KUTALI

Makaniko wa ku Karonga angathe kuphwasula injini yonse ndi kuibwezera, ndipo ambiri ndi aluso zedi. Koma kuti adziwe kachida kamene kafa, ndi kuti auze kompyuta kuti chilango chithe, afunika kompyuta ya m'manja yokhala ndi pulogalamu ya kampani yopanga makinawo. Makampani ambiri amapereka pulogalamu yathunthu kwa ogulitsa ao okha. Nkhaniyi yafika ku makhoti: mu January 2023 kampani ya John Deere inagwirizana ndi bungwe lalikulu la alimi a ku America kuti idzawapatsa zida zokonzera okha, koma mu January 2025 bungwe la boma loona za malonda, FTC, linaisumira ponena kuti alimi akukakamizikabe kupita kwa ogulitsa a kampaniyo.

Ngati mlimi wa ku America adandaula, nanga ife? Ogulitsa akulu a makina otere ali ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Kuchoka ku Lilongwe kufika ku Karonga ndi makilomita pafupifupi 600, ndipo ngakhale Mzuzu ili pa makilomita oposa 200, kupyola mapiri a Chiweta. Mwini makina amalipira ulendo wonsewo munthu asanagwire sipanala. Akafika napeza kachida kakufa, nthawi zambiri kayenera kuitanitsidwa kunja, ndi ndalama zakunja zimene zimabvuta kupeza. Kampani yaikulu ya mgodi imasunga amisiri ache ndi zipangizo zache pamalopo, choncho siimva kuwawa kwenikweni. Womva kuwawa ndi kontirakita wamng'ono wa katapila mmodzi, amene pangano lache lili ndi tsiku lomaliza, ndi gulu la alimi limene thirakitala yao yaima mvula itagwa kale. Munda wa mpunga sudikira ndege ya ku Johannesburg. Ena pofuna kudzipulumutsa amakongola ndalama za katapila winayo, wa chiwongola dzanja, ndipo sitidziwa kuti woopsa ndi uti mwa awiriwa.

Amisiri ena amati, tiyeni tingodula zonsezi ndi kuboola sefa. Ku America ndi ku Ulaya kutero ndi mlandu. Koma ngakhale tisanene za malamulo, kuboola sefa kompyuta ili chikhalire kumangoonjeza nthenda, pakuti tizida toyesa timaona kuti zinthu sizili bwino ndipo chilango chimabwera. Ena amalowetsa pulogalamu yachinyengo yochokera pa intaneti. Injini ikapsa pambuyo pache palibe kampani imene ingabvomere mlandu, ndipo utsi uja wabwerera m'mapapo a dalaivala. Makampani ena, monga Caterpillar, Cummins ndi Volvo, anakonza njira yao yobvomerezeka yosinthira makina ogwirako kale nchito amene akutumizidwa ku maiko a dizilo wa sulufule wambiri. Imeneyo ndiyo yoyenera kufunsa, ndipo ichitike makina asanakwere sitima.

MUSANAPEREKE NDALAMA

Safunsa anadya phula. Makampani akulu amapangabe mitundu iwiri ya makina amodzimodzi: wina wa maiko a malamulo olimba, wina wa maiko onga lathu, wopanda sefa ya mwaye ndi thanki ya buluu. Wogula watsopano kwa wogulitsa wa m'dziko muno kawirikawiri amalandira mtundu wachiwiriwu. Ngozi ili pa makina ogwirako kale nchito ochokera ku Ulaya, ku America kapena ku Japan, amene amatsikira pa doko la Dar es Salaam ndi kulowera pa Songwe. Pa chithunzi amaoneka okongola, mtengo wache ndi wokopa, koma anabadwira dizilo wina ndi dziko lina.

Tisaganizenso kuti nkhaniyi idzatipitirira. India inaika malamulo olimba pa makina omangira mu 2021 ndi pa mathirakitala akulu mu 2023, ndipo China inatero mu December 2022. Maiko awiriwa ndiwo amatigulitsa makina ambiri, kotero chaka ndi chaka makina a mtundu watsopano adzachuluka pa msika wa zogwirako kale nchito. Aphunzitsi auze anyamata ofuna umakaniko kuti sipanala yokha siikwananso. Aphunzire za magetsi ndi kuwerenga manambala a pa kompyuta. Injini zazing'ono za zigayo, za mapampu ndi za timathirakitala toyenda nato pansi zilibe zida zimenezi, eni ache asade nkhawa.

Pogula yang'anani kachitsulo kolembedwa kamene kali pa injini. Mukaona mau akuti Tier 4, Stage IV kapena Stage V, kapena mukaona chitsekero cha buluu pambali pa thanki ya dizilo, funsani wogulitsa akuuzeni, ndipo alembe pa pepala: kodi injiniyi ilola sulufule wochuluka bwanji, munthu wa kompyuta yache ali kuti ndipo ulendo wache ndi ndalama zingati, AdBlue ndi oyilo wache mudzagula kuti, ndipo sefa ya mwaye yagwira maora angati chiipukutire. Funsaninso buku la makinawo m'Chingerezi, pakuti ena amafika ndi buku la Chijapani kapena Chijeremani, ndipo m'bukumo ndimo muli tanthauzo la kanyali kalikonse.

Amene muli nao kale makina otere, konzekani mvula isanayambe. Sungani masefa a dizilo awiri kapena atatu, sefa ya mpweya, oyilo woyenera wokwana kusintha kamodzi, ndi AdBlue wa miyezi iwiri. Dalaivala akhale ndi kope m'thumba, ndipo kanyali kakayaka alembe nambala imene yaoneka, ora lache ndi nchito imene anali kugwira. Nambala imeneyo mukaiwerenga pa lamya, munthu wa ku Lilongwe angathe kunyamuliratu chida choyenera pa ulendo woyamba.